Mdipiti Ukadzera Pakhomo pa Mnansi: Zipembedzo ndi Zikondwerero za ku Gujarat



Amene mudaswaliko swala ya Eid m'mizikiti ya m'tauni, kaya ku Limbe, ku Zomba kapena ku Lilongwe, mwina mudaonapo kachisokonezo kamene kamachitika pa matakbira. Ife amene tidaphunzira kwa mashehe a ku Mangochi ndi ku Nkhotakota timadziwa kuti raka yoyamba ili ndi matakbira 7, yachiwiri 5. Koma imamu akakhala wa abale athu Achimwenye, amaonjezera matakbira atatu okha m'raka yoyamba, ndipo atatu enawo amabwera m'raka yachiwiri atamaliza kale kuwerenga sura. Ukapanda kuchenjera umapezeka wawerama wekhawekha anzako onse ali chiimire, ana n'kumakuseka pobwerera kunyumba. Palibe wolakwa apa. Ife Chisilamu tidachilandira kudzera kwa Aswahili a kugombe amene amatsata Imam Shafi'i, pamene iwo adabwera ndi chiphunzitso cha Imam Abu Hanifa kuchokera kwawo. Nanga kwawoko n'kuti? Tikangoti "ku India" sitidanene kanthu, pakuti India ndi dziko lalikulu la zilankhulo zambirimbiri. Makolo a ambiri mwa Amwenye a muno, Asilamu ndi Ahindu omwe, adachokera m'chigawo chimodzi cha kumadzulo kwa dzikolo chotchedwa Gujarat.

Chigawochi chidakhala ndi boma lakelake pa 1 Meyi 1960. Pa kalembera wa 2011 mudapezeka anthu oposa 60 miliyoni, kuposa katatu anthu amene adawerengedwa m'Malawi muno mu 2018. Pa anthu 100 alionse, pafupifupi 89 ndi Ahindu, 10 ndi Asilamu, mmodzi ndi wa chipembedzo cha Jain. Ochepa otsalawo ndi Akhristu, Asikh ndi Aparsi. Kumeneko chipembedzo sichithera m'nyumba yopemphereramo. Chimatuluka kunja ndi ng'oma, nyali, magaleta ndi khwimbi la anthu, ndipo msewu umene mdipiti umadzera sulephera kudutsa pakhomo pa munthu wa chipembedzo china. Zimene zimachitika pa nthawi imeneyo, mdipiti wa wina uli pakhomo pako, ndiyo mbiri imene tikufuna kuitsata pano.

Tiyambire kunyanja. Gombe la Gujarat ndi lalitali kwambiri, ndipo mphepo ya panyanjapo imasunga nthawi ngati tambala. Kuyambira cha mu Disembala mpaka Malichi imawomba kuchokera kumpoto chakum'mawa, n'kumakankha ngalawa za matanga kulowera ku Aden, Mombasa, Zanzibar ndi Kilwa. Ikafika Epulo imatembenuka n'kuzibweza. Wamalonda akafika padoko sankachitira mwina koma kukhala miyezi ingapo kudikira kuti mphepo itembenuke, ndipo munthu wokhala pamalo miyezi amafuna poswalira, pogona, mwinanso mkazi. Umu ndi momwe Chisilamu chidafikira ku Gujarat, zaka mazana asilikali a Chisilamu asadalande dzikolo. Al-Masudi, mlembi wa ku Baghdad amene adayendanso kugombe la kuno ku Afrika, adafika padoko la Khambhat cha m'ma 915, ndipo adalemba kuti m'madoko a kumadzulo kwa India Asilamu ankakhala mwaulemu pansi pa mafumu Achihindu, mizikiti yawo ili chiimire.

Si kuti kunalibe mikangano ayi. Mlembi wina, Muhammad Awfi wa ku Bukhara, adakhalako ku Khambhat m'zaka za m'ma 1220, ndipo adamva kwa Asilamu a kumeneko nkhani imene idachitika zaka pafupifupi 100 iye asadafike, m'masiku a mfumu Jayasimha Siddharaja. Akuti anthu ena adautsa chipolowe, mzikiti udatenthedwa, nsanja yoitanira swala idagwetsedwa, ndipo Asilamu 80 adaphedwa. Wopereka khutba mumzikitimo, dzina lake Ali, adapulumuka nathawira kulikulu ku Patan kukadandaula, koma nduna zidamutsekera khomo. Iye adakabisala pansi pa mtengo m'njira imene mfumu inkadzera popita kosaka nyama, ndipo itatulukira adaiimitsa naiuza zonse. Mfumuyo siidatume munthu. Idauza nduna yaikulu kuti kwa masiku atatu pasapezeke woisokoneza, ndipo usiku idakwera ngamira yothamanga yokhayokha mpaka ku Khambhat. Kumeneko idavala ngati wamalonda, n'kumayendayenda mumsika kumvetsera zimene anthu ankakamba, ndipo idapeza kuti Ali adanena zoona. Pobwerera idatunga madzi a m'nyanja m'chotengera. Bwalo litakumana idalamula nduna kuti zilawe madziwo. Onse adalavula chifukwa cha mchere, ndipo apo ndi pamene adadziwa kuti mfumu yakafika yokha kugombe. Idalanga atsogoleri a magulu amene adachita chiwembucho, nipereka ndalama za nthawiyo zokwana 100,000 kuti mzikiti ndi nsanja zimangidwenso. Kumbukirani kuti wolemba izi adali Msilamu, akutama mfumu yopembedza Shiva.

Umboni wina uli pamwala, ndipo malo ake ndi odabwitsa. Mu 1026 Mahmud wa ku Ghazni adabwera ndi nkhondo kuchokera ku Afghanistan, naswa kachisi wamkulu wa Ahindu ku Somnath, natuta chuma chake. Chilonda chimenechi andale a ku India sadalole kuti chipole: mdipiti wa ndale wa 1990, umene udakolezera moto wodzagwetsa mzikiti wa Babri ku Ayodhya mu 1992, udanyamukira pa Somnath pomwepo. Komatu patangopita zaka 238 chichitikire za Mahmud, mu 1264, mwini zombo wina wa ku Hormuz dzina lake Nuruddin Firuz adagula malo m'mphepete mwa mzinda womwewo namangapo mzikiti, movomerezedwa ndi akuluakulu a mzinda amene pakati pawo padali wansembe wamkulu wa Ahindu. Chipangano chidalembedwa pamiyala m'zilankhulo ziwiri, Chisanskriti ndi Chiarabu. Amene mudakhalako m'komiti ya mzikiti mungazizindikire nkhani zake, pakuti n'zomwe timakangana ife pa misonkhano: ndalama za lendi ya masitolo ndi za chigayo choyengera mafuta zizigulira mafuta a nyali ndi madzi, zizilipira imamu ndi woitanira swala, zizipakira njereza chaka ndi chaka, komanso ziziyendetsa chikondwerero cha usiku wa Baraat, pakati pa mwezi wa Shabani. Zotsala zizitumizidwa ku Makka ndi ku Madina. Pali kanthu kamodzi koseketsa: m'Chiarabu muli pemphero lakuti Allah adzasandutse Somnath mzinda wa Chisilamu, koma m'Chisanskriti, chimene eni mudzi ankatha kuwerenga, mawu amenewo mulibe. Kuchenjera kwa amalonda sikudayambe lero.

Ulamuliro wa mafumu Achihindu udatha asilikali a Alauddin Khalji wa ku Delhi atalowa m'dzikomo mu 1299. Pofika 1407 Gujarat idali ndi masultani akeake, ndipo mu 1411 Ahmad Shah adayamba kumanga mzinda wa Ahmedabad m'mbali mwa mtsinje wa Sabarmati. Mzikiti wake wa Ijumaa udatha mu 1424. Uli ndi mizati ya miyala 260, yosemedwa ndi amisiri a konko, kotero kuti ukalowamo maluwa a pamiyala amafanana ndi a m'makachisi a Ajain. Koma Msilamu wokonda choonadi asabise mbali inayo. Ahmad Shah yemweyo adagwetsa kachisi wamkulu wa Rudra Mahalaya ku Siddhpur, mbali ina naisandutsa mzikiti. Kachisi ameneyo adamumanga ndani? Siddharaja uja, wokwera ngamira usiku kukamva madandaulo a Asilamu. Kuno timati nkhuyu zodya ana zipota akulu, koma kumeneko nkhuyu zodya mafumu akale zikupota adzukulu a anthu osauka amene sadazilawe n'komwe.

Ndikutero chifukwa Asilamu ambiri a ku Gujarat si mbadwa za asilikali aja. Ndi eni nthaka amene adalowa Chisilamu pang'onopang'ono kudzera kwa amalonda ndi kwa mashehe oyendayenda, ndipo kawirikawiri ankalowa mtundu wonse pamodzi, n'kusunga chilankhulo, ntchito ndi miyambo ya ukwati ya makolo awo. Amemon, amene ndi ochuluka pakati pa Amwenye Achisilamu a muno, amasimba kuti makolo awo adali amalonda a mtundu wa Lohana ku Sindh, ndipo adatembenuka m'zaka za m'ma 1400 kudzera kwa shehe wa m'banja la Abdul Qadir Jilani, yemwe uja dzina lake a Qadiriya akuno amalidziwa bwino. Kenaka adasamukira ku Kutch ndi ku Kathiawar, zigawo za Gujarat. Dzina lakuti Memon amati lidachokera ku "muumin". Palinso Abohra, ena Asunni a m'midzi ya ku Surat ndi Bharuch, ena Ashia okhala ndi mtsogoleri wawowawo. Ndiponso Akhoja, amene ambiri amatsata Aga Khan. Doko la Surat, m'masiku a mafumu a Mughal, linkatchedwa khomo la ku Makka chifukwa ndi pomwe opita ku Haji ankakwerera zombo.

Kuno ku Nyasaland anthu amenewa adayamba kufika kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, kudzera ku Chinde ndi mitsinje ya Zambezi ndi Shire, bwanamkubwa Harry Johnston akuwalimbikitsa. Masitolo awo adafalikira mpaka m'midzi, kufikira m'zaka za m'ma 1970 pamene boma la Dr Banda lidawalamula kuchoka m'madera a kumidzi n'kukachita malonda m'mizinda ikuluikulu yokha. Ambiri adalongedza napita ku Britain, makamaka ku Leicester. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Tibwerere ku Gujarat.

Alendo ena amene adabwera pa nyanja ndi Aparsi, otsatira chipembedzo chakale cha ku Persia, amene adachoka kwawo dzikolo litalowa m'manja mwa Asilamu, nakocheza pa Sanjan. Ana awo amasimba kuti mfumu ya pamalopo idawatumizira mbale yodzaza ndi mkaka mpaka m'milomo, kutanthauza kuti malo kulibe, ndipo wansembe wawo adathiramo shuga n'kuibweza osatayika dontho. Adaloledwa kukhala, atalonjeza kulankhula Chigujarati ndi kusiya zida. Moto wawo wopatulika amausunga m'kachisi ku Udvada, ndipo chaka chawo chatsopano ambiri amachikondwerera mu Ogasiti, mwakachetechete, m'mabanja. Za iwo palibe mdipiti wovutitsa munthu.

Ajain ndi ochepa koma mawu awo amalemera, pakuti ambiri ndi eni chuma ndi malonda. Chiphunzitso chawo chachikulu n'chakuti usaphe chamoyo chilichonse, ngakhale nyerere. Amonke awo amasesa pamalo asadakhale pansi kuopa kuphwanya kachirombo. Mu Ogasiti kapena Sepitembala amakhala ndi masiku 8 otchedwa Paryushana, osala kudya ndi kulapa, ndipo tsiku lomaliza aliyense amapempha chikhululuko kwa abale ndi anansi pa zonse zimene adawalakwira chaka chimenecho. Wasala Ramadhan sangalephere kumva kukoma kwa mwambo wotere. Vuto lili pa nyama. Mfumu Akbar, amene adalanda Gujarat mu 1572 ndi 1573, adaitanitsa mmonke wa Chijain Hiravijaya Suri kunyumba yake yachifumu, ndipo atacheza naye adalamula kuti m'masiku a Paryushana nyama zisamaphedwe. M'nthawi yathu ino khonsolo ya Ahmedabad idalamulanso kuti malo ake ophera nyama azitsekedwa masiku amenewo. Ogulitsa nyama, omwe ambiri ndi Asilamu, adakasuma kuti akuwaphera ntchito, koma mu 2008 bwalo lalikulu la milandu la India lidagamula kuti kutseka masiku 9 si nkhanza, ndipo woweruza adawakumbutsa za Akbar yemweyo. Masiku 9 munthu angapirire chifukwa cha mnansi. Koma ku Palitana, tauni ya m'tsinde mwa phiri la Shatrunjaya lomwe lili ndi makachisi a Ajain oposa 800, zinthu zidapitirira: mu 2014 amonke adanyanyala kudya mpaka boma lidaletsa kupha nyama m'dera lozungulira malo opatulikawo, chonsecho m'tauniyo muli mabanja ambiri a Asilamu amene amayenera kuzinga mbuzi pa Eid ya nsembe. Ndipo pamwamba pa phiri lomwelo, pakati pa makachisi, pali manda a shehe Wachisilamu wotchedwa Angar Pir, amene ngakhale Ajain amawalemekeza.

Chikondwerero chosavuta kuchikonda ndi Uttarayan, pa 14 Januwale. Kwa Ahindu ndi tsiku lokumbukira kuti dzuwa layamba ulendo wobwerera kumpoto, koma mumzinda chimene chimaoneka ndi makaiti. Banja lonse limakwera padenga m'mamawa, agogo ndi adzukulu omwe, atatenga zakudya za chitowe ndi shuga wa nzimbe, n'kumaulutsa makaiti a pepala mpaka thambo lonse kuchita mawangamawanga. Ulusi amaupaka guluu wosakaniza ndi magalasi opera, ndipo mpikisano wake ndi wodula ulusi wa mnzako. Wadula amakuwa, denga lonse n'kuyankhira. (Ulusi womwewo umacheka mbalame ndi makosi a oyenda pa njinga zamoto, ndipo chaka ndi chaka pamakhala maliro.) Tsono funsani kuti makaiti mamiliyoni amenewa amapanga ndani. Ambiri amachokera m'manja mwa Asilamu a ku Jamalpur mu Ahmedabad ndi a ku Khambhat kuja, amayi ndi atsikana amene amakhala miyezi yambiri akudula mapepala ndi kumata timitengo ta nsungwi m'tizipinda tawo. Chakudya cha chaka chonse cha mabanja amenewa chimadalira tsiku limeneli, ndipo ana awo nawonso amakwera padenga. Kwa ine, kuulutsa kaiti si kupembedza dzuwa.

Navratri ndi nkhani ina, chifukwa kumeneko n'kupembedza ndithu. Ndi usiku 9 wa mu Sepitembala kapena Okutobala, pamene Ahindu amalemekeza mulungu wawo wamkazi amene amamutchula kuti Amba. Pakati pa bwalo amaikapo nyali m'mphika woboolaboola, ndipo anthu amavina mozungulira akuwomba m'manja, gule wotchedwa garba. Kenaka amavina awiriawiri akumenyanitsa timitengo topaka utoto. Bungwe la UNESCO lidalemba garba m'ndandanda wa miyambo ya dziko lonse mu Disembala 2023. Apanso manja a Asilamu alipo. Timitengo tovinira tambiri timasemedwa ndi amisiri Achisilamu a m'tauni ya Godhra, nsalu zomangamanga ndi kunyika mu utoto zimene amayi amavala zimachokera kwa Akhatri a ku Kutch, ndipo kuyambira kale pakati pa oimba ng'oma ndi zitoliro pankakhala mabanja a Chisilamu amene ntchito yawo yobadwa nayo ndi kuimba. Msilamu sangavine nawo mozungulira nyali ya Amba, izo n'zodziwika. Koma ankatha kugulitsa, kuimba, kapena kuima chapatali n'kumaonerera. M'zaka zaposachedwa magulu ena a Ahindu akhala akuima pazipata kufunsa ziphaso kuti Msilamu asalowe n'komwe. Mu Okutobala 2022, m'mudzi wina m'boma la Kheda, kudabuka mkangano pa garba amene ankavinidwa pafupi ndi mzikiti, ndipo m'mawa mwake apolisi adagwirizitsa amuna Achisilamu kumtengo wa magetsi n'kuwakwapula anthu akuonerera. Chaka chotsatira bwalo lalikulu la Gujarat lidapeza apolisi anayi olakwa.

Pali gulu lina limene ife akuno sitiyenera kulidumpha. Ku Gujarat kuli anthu akuda ngati ife, a tsitsi ngati lathu, otchedwa Asidi. Makolo awo adachoka ku Afrika m'nthawi zosiyanasiyana, ena ngati amalinyero ndi asilikali, ambiri ngati akapolo, kuphatikizapo amene Apwitikizi adawatenga ku Mozambique kupita nawo kudoko lawo la Diu. Ofufuza za magazi adapeza mu 2011 kuti ambiri ali pa ubale ndi anthu a zilankhulo za Chibantu. Ena adakwera mpaka kukhala nduna: mzikiti wa Sidi Saiyyed ku Ahmedabad, wa mu 1573, wotchuka ndi zenera la mwala losemedwa ngati mtengo wa nthambi zopiringizana, adamanga ndi mmodzi wa iwo. Lero Asidi a ku Gujarat ndi Asilamu, amalankhula Chigujarati, ndipo ambiri ndi osauka. Chaka ndi chaka amasonkhana pamanda a kholo lawo Bava Gor, paphiri pafupi ndi Ratanpur m'boma la Bharuch, pomwe amati iye adaphunzitsa anthu malonda a miyala ya mikanda. Kumeneko amachita zikiri ndi kuvina usiku wonse. Ali ndi ng'oma yaitali yoimika pansi, ali ndi uta wa chingwe chimodzi wokhala ndi chikho umene amautchula kuti malunga, ndipo m'nyimbo zawo mudatsalira mawu a Chiswahili amene oimbawo matanthauzo ake ena adaiwala. Guleyo dzina lake ndi goma. Muyeseni kulitchula pang'onopang'ono, mumva nokha kuti ndi ng'oma yathu yomweyi imene idawoloka nyanja. Zakuti kuvina pamanda n'kololedwa kapena ayi, ife tomwe kuno tidagawanikapo kalekale pakati pa a zikiri ndi a sukuti, ndipo kabuku ka Eid si bwalo loweruzira mlandu umenewo.

Tsopano tifike pa mdipiti weniweni. Kuyambira mu 1878, pafupifupi chaka chilichonse mu Juni kapena Julaye, kachisi wa Jagannath ku Ahmedabad amatulutsa magaleta atatu onyamula mafano a Jagannath, mkulu wake ndi mlongo wake. Amakokedwa ndi zingwe ndi anthu a mtundu wa Khalasi, patsogolo pali njovu zopakidwa utoto, malole, oimba ndi ochita masewero a mphamvu. Amanyamuka m'mamawa, masana amakapuma ku Saraspur, kumene amati ndi kwa amalume a milunguyo, ndipo anthu a m'deralo amaphikira khwimbi lonse kwaulere. Madzulo amabwerera. Kachisiyo ali ku Jamalpur, dera la Asilamu lija la opanga makaiti, ndipo njira yobwerera imadzera m'timisewu topanikizana ta Dariapur ndi Shahpur, momwe mizikiti ndi makachisi zimayang'anizana.

Pa 1 Julaye 1946, India ili pafupi kugawanika, mdipitiwu udasanduka nkhondo. Mumzindamo mudali abwenzi awiri, Vasantrao Hegishte, Mhindu, ndi Rajab Ali Lakhani, Msilamu wa Chikhoja, onse ogwira ntchito yodzipereka m'gulu la Congress. Tsiku lonse adakhala akuthamangira uku ndi uku, kulanditsa Msilamu m'manja mwa Ahindu, kulanditsa Mhindu m'manja mwa Asilamu. Madzulo adamva kuti ku Jamalpur mabanja ena Achihindu a anthu onyozeka azingidwa ndi chigulu cha anthu okwiya. Adapita opanda chida, naima pakati pa chigulucho ndi nyumbazo, ndipo atakana kuchoka adaphedwa onse awiri pamalo amodzi. Rajab Ali adali asadakwanitse zaka 30. Chigulu chimene chidamupha chidali cha Asilamu anzake, ndipo izinso tiyenera kuzinena.

Mu Sepitembala 1969 moto udayambira pamalo omwewo, koma ulendo uno mwambo udali wa Asilamu. Khamu lidasonkhana ku Jamalpur kukumbukira shehe wina pamalo ake, ndipo atumiki a kachisi wa Jagannath ankabweza ng'ombe zawo kukhola kudzera pakati pa anthuwo. Padali kukankhana, miyala idaponyedwa kukachisi, ndipo ngakhale akuluakulu Achisilamu adapepesa, mphekesera idathamanga kuposa chipepeso. Malinga ndi chiwerengero cha boma adafa anthu oposa 600, ambiri Asilamu, m'chaka chomwe India inkakumbukira zaka 100 chibadwire Mahatma Gandhi, mwana wa Gujarat. Zipolowe zina zidatsatira mdipiti wa magaleta mu 1985, 1986 ndi 1992. Zoopsa kuposa zonse zidadza mu 2002, patangopita masiku ochepa kuchokera pa Eid ya nsembe. Pa 27 Febuluwale, ku Godhra kuja kosema timitengo ta gule, bogi ya sitima yonyamula Ahindu ochokera ku Ayodhya idapsa, anthu 59 n'kufa. M'masabata otsatira madera a Asilamu adatenthedwa m'mizinda ndi m'midzi. Boma la India lidauza nyumba ya malamulo mu 2005 kuti adafa Asilamu 790 ndi Ahindu 254, ndipo 223 sadapezeke; mabungwe omenyera ufulu wa anthu amati akufa adali ochuluka kuposa apo. Mizikiti ndi manda a mashehe mazanamazana zidaonongedwa. Manda a Wali, mlakatuli wakale wa Chiurdu, adafafanizidwa, pamalopo n'kuthirapo phula la msewu.

Chotsatira chake chikuoneka pamapu a mzinda. Mabanja amene kale ankakhala khomo ndi khomo adasamuka, aliyense kutsata anthu a chipembedzo chake. Juhapura, kumene kudayamba ngati malo osungirako anthu othawa madzi osefukira mu 1973, tsopano ndi dera la Asilamu mazana a zikwi, olemera ndi osauka pamodzi, chifukwa kwina sapatsidwa nyumba. Mwana wokulira kumeneko akhoza kufika pa msinkhu wokwatira asadalowepo m'nyumba ya Mhindu, ndipo mnzake wa kutsidya kwa msewu asadalaweko chakudya cha Eid.

Komabe magaleta aja sadasinthe njira. M'zaka zaposachedwa amaperekezedwa ndi apolisi ndi asilikali cha m'ma 20,000, ena ali pamadenga, makamera ali m'mwamba, ndipo masabata a m'mbuyo mwake makomiti a mtendere a m'madera amakhala akukumana. Kutatsala masiku ochepa, akuluakulu Achisilamu amapita kukachisi wa Jagannath kukapereka kwa wansembe wamkulu kagaleta kakang'ono ka siliva, ndipo mdipiti ukafika ku Dariapur ena amatuluka kudzamulonjera ndi nkhata za maluwa. Ukafika mwezi wa Muharram zimatembenuka. Pa tsiku la 10 Asilamu a mumzindawo, ambiri a iwo Asunni, amanyamula matazia, zifanizo zazitali za manda a Imam Husain a ku Karbala zopangidwa ndi nsungwi, mapepala onyezimira ndi nyali, ulendo wa kumtsinje wa Sabarmati. Mashehe ambiri a konko amadzudzula mwambowu, koma suleka, ndipo m'mphepete mwa msewu mumakhala amayi Achihindu odikira kudutsitsa ana awo pansi pa tazia pokwaniritsa malonjezo awo. Zaka zingapo wansembe wamkulu wa Jagannath yemwe uja wakhala akuitanidwa kudzaima pamodzi ndi akuluakulu a komiti ya matazia poyambitsa ulendowo.

Ku Jamalpur, pafupi ndi pomwe Vasantrao ndi Rajab Ali adagwera, pali chipilala cha mayina awo, ndipo mu 2015 apolisi a mumzindawo adatsegula kanyumba kosungiramo mbiri yawo ku Gaekwad Haveli. Pa 1 Julaye anthu amakaikapo maluwa, ndipo zaka zina tsikuli limagwa sabata yomweyo imene magaleta amatuluka.